Kalata Yotseguka kwa Akuluakulu a Augusta pa za Nyumba Yakale ya Koleji ya Madokotala

Kwa Mtsogoleri wa Augusta University,
Akuluakulu a Medical College of Georgia Foundation,
Meya ndi Makhansala a mzinda wa Augusta,
Georgia, United States of America.

Olemekezeka,

Kalata ino ikunena za nyumba imene ili pa nambala 598 mumsewu wa Telfair Street, pakati pa mzinda wa Augusta, yomwe kuyambira mu 1835 kufikira mu 1913 munkaphunzirira madokotala a Medical College of Georgia, koleji ya zachipatala yakale kwambiri m'chigawo chonse cha Georgia. Pempho lake ndi loti mbiri ya nyumbayi izikambidwa yonse pamalo pomwepo, yokoma ndi yowawa yomwe, ndiponso kuti mlandu wa zimene zinkachitika m'chipinda chake chapansi usasenzetsedwe munthu mmodzi amene anali kapolo, pamene amene anamugula ndi kumutuma akukumbukiridwa ndi ulemu wokhawokha.

Ulemu umene nyumbayi ili nawo si wongopatsidwa, ndipo wolemba kalatayi sakufuna kuuchepetsa. Sukuluyi inakhazikitsidwa mu 1828 ndi dzina loti Medical Academy of Georgia, makamaka chifukwa cha khama la Dr. Milton Antony, ndipo inatenga dzina loti Medical College of Georgia mu 1833, pa nthawi imene Augusta unali mzinda wolemera ndi malonda a thonje lodutsa pamtsinje wa Savannah. Mapulani a nyumbayi anajambula ndi Charles B. Cluskey, katswiri wobadwira ku Ireland amene anajambulanso nyumba yakale ya bwanamkubwa wa Georgia ku Milledgeville, ndipo iye anatsata kamangidwe kotengera akachisi a Agiriki akale, komwe pa nthawiyo kankaonedwa ngati chizindikiro cha nzeru ndi ulamuliro. Kumaso kwake kuli khonde lalitali la nsanamira zisanu ndi imodzi, makoma ake ndi a njerwa zopakidwa pulasitala kuti zioneke ngati miyala yosema, ndipo pakati pa denga pali chipewa chozungulira chimene chimalowetsa kuwala m'kati. Munali zipinda zophunzitsiramo, laibulale, malo osungiramo ziwalo zoonetsa ophunzira, ndi zipinda zotumbuliramo mitembo. Aphunzitsi apakolejiyi ndiwo anayambitsa magazini ya zachipatala ya Southern Medical and Surgical Journal mu 1836, ndipo anali m'gulu la oyamba kudandaula kuti maphunziro a udokotala ku America anali aafupi ndi osalongosoka, dandaulo lomwe linathandiza kuti bungwe la madokotala la American Medical Association likhazikitsidwe mu 1847. Dr. Antony mwini wake anamwalira mu 1839 pa mliri wa yellow fever, matenda ofala ndi udzudzu amene amachititsa thupi chikasu, akuthandiza odwala a mumzindamo. Pa zifukwa ngati zimenezi boma la America linalemba nyumbayi m'kaundula wa malo ofunika m'mbiri mu 1972, ndipo mu 1996 linaikweza kukhala pakati pa malo ochepa amene amaonedwa kuti ndi chuma cha dziko lonse.

Koma dokotala saphunzira kapangidwe ka thupi la munthu pongowerenga buku. Phunziro la anatomi, lomwe ndi kudziwa mafupa, minofu, mitsempha ndi ziwalo zam'kati ndi mmene zinalumikizirana, limafuna kuti wophunzira agwire mpeni ndi kutumbula mtembo ndi manja ake, ndipo koleji iliyonse ya nthawi imeneyo imene inkafuna kukopa ophunzira olipira fizi inkayenera kuwatsimikizira kuti mitembo ipezeka yokwanira. Vuto linali loti malamulo a Georgia sankalola kutumbula mitembo ya anthu mpaka mu 1887. Madera ena anali atafunafuna kale njira: chigawo cha Massachusetts chinakhazikitsa lamulo lopereka mitembo yosowa abale ku masukulu a madokotala mu 1831, ndipo dziko la Britain linachita chimodzimodzi mu 1832, patangopita zaka zochepa kuchokera pamene William Burke ndi William Hare anapha anthu ku Edinburgh mu 1828 n'kumagulitsa mitembo yawo kwa mphunzitsi wa anatomi. Ku Augusta kunalibe lamulo lotere, choncho kwa zaka zoposa 50 phunziro limene linkapatsa kolejiyo dzina linkadalira mitembo yopezeka mwakuba. Poyamba aphunzitsi ankaitanitsa mitembo kuchokera m'mizinda yakumpoto, ikubwera m'migolo, kapena ankalipira anthu oti akafukule manda usiku, koma njira zonsezi zinali zodula ndi zosadalirika.

Mu 1852 aphunzitsi asanu ndi awiri apakolejiyi anasonkherana madola 700 n'kugula munthu pamsika wa akapolo ku Charleston, m'chigawo cha South Carolina. Munthuyo anali Grandison Harris, wa zaka 36, wochokera mwa anthu otchedwa Gullah, omwe ndi zidzukulu za akapolo a ku Africa amene ankalima mpunga ndi thonje m'mphepete mwa nyanja ndi pazilumba za South Carolina ndi Georgia. Mphunzitsi aliyense anali ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a munthu ameneyu, monga mmene anthu amagawanira umwini wa katundu wapakampani. Pamaso pa anthu ntchito yake inali yosesa ndi kutumikira pakoleji, koma ntchito imene anamugulira inali yofukula mitembo. Malamulo a Georgia ankaletsa kuphunzitsa kapolo kuwerenga ndi kulemba, komabe Harris anaphunzira zonsezi ali m'manja mwa madokotalawo, ndipo luso limeneli linkamuthandiza kuwerenga zidziwitso za maliro m'nyuzipepala kuti adziwe amene wamwalira ndi tsiku loika maliro. Mu 1858 kolejiyo inagulanso mkazi wake Rachel ndi mwana wawo George pa madola 1,250, ndipo ngakhale kuti zimenezi zinalumikizanso banja limene linali litapatukana, zinathandizanso eni akewo, popeza Harris analeka maulendo a pasitima opita ku Charleston kukaona banja lake.

Manda amene ankapitako kawirikawiri anali a Cedar Grove, malo amene mzinda wa Augusta unapatula mu 1820 kuti muziikidwa anthu akuda, akapolo ndi mfulu zomwe, pafupi ndi manda a Magnolia kumene kunkaikidwa azungu. Kafukulidwe kake kanalembedwa ndi amene anafufuza za moyo wake. Asanakhudze dothi, Harris ankayamba waloweza mmene abale anayalira maluwa ndi zinthu zina pamtumbira. Kenako ankakumba cha kumutu kokha, osati manda onse, n'kuswa chivundikiro cha bokosi ndi nkhwangwa, kukoka mtembo, kuuika m'thumba ndi kuukweza pangolo, ndipo pomaliza ankakwirira dzenje n'kubwezera chilichonse pamalo pake kuti ofedwa akabwera m'mawa asazindikire kanthu. Kukoleji mitemboyo inkasungidwa m'migolo ya mowa waukali wa wisiki kuti isawole msanga, ndipo ophunzira akathana nayo, zotsala zinkatayidwa pansi pa nyumbayo, n'kuthiridwa dothi ndi laimu kuti fungo lisamveke mumsewu.

Mfundo yoti Harris ankabwezera maluwa pamtumbira njofunika kuiganizira mofatsa, chifukwa ikusonyeza kuti onse okhudzidwa ankadziwa bwino kuti anthu aku Cedar Grove ankakonda akufa awo. Mayi amene anagulitsidwa ali mwana, amene thukuta lake linali la mbuye wake ndipo ana ake akanatha kulandidwa tsiku lililonse, anali ndi chinthu chimodzi chokha chimene ankayembekeza kuti palibe adzamulanda, ndicho kagawo ka dothi kogonapo. Abale ake ankasonkhana, kuimba, kulira ndi kumuperekeza, kenako n'kumabwerako zaka ndi zaka kudzalambula manda amene munalibe munthu. Kwa owerenga Chichewa, amene amadziwa kuti kumanda sikupitidwa popanda chilolezo cha mfumu ndipo kufukula mtembo kumatchulidwa pamodzi ndi ufiti, kulemera kwa nkhaniyi sikufuna kutanthauzira. Anthu akuda a ku Augusta nawonso ankadziwa zimene zinkachitika, ndipo mantha a madokotala oba anthu usiku anakhala m'nkhani zawo kwa mibadwo ingapo, koma analibe khoti limene likanawamvera, pakuti umboni wa munthu wakuda wotsutsa mzungu sunkaloledwa m'makhoti a Georgia pa nthawi ya ukapolo.

Nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 inaimitsa maphunziro, ndipo ukapolo utatha Harris anawoloka mtsinje wa Savannah n'kukakhala ku Hamburg, ku South Carolina, kumene anagwirako ntchito ya woweruza milandu m'zaka zochepa zimene anthu akuda anapatsidwa mpata wokhala m'maudindo. Mpatawo utatsekedwa ndi chiwawa ndi malamulo a tsankho, iye anabwerera kukoleji kudzagwira ntchito yake yakale molipidwa madola 8 pamwezi. Anakhalapo mpaka ukalamba, akuthandiza m'chipinda chotumbuliramo mitembo, ndipo ankadziwa anatomi kwambiri moti ophunzira ankamufunsa nzeru. Nkhope yake ikuoneka pazithunzi za magulu a ophunzira omaliza maphunziro, ataima kumbuyo kwa anyamata achizungu amene iye sakanaloledwa kukhala nawo pabenchi imodzi ngati wophunzira. Mu 1908 anaima komaliza pamaso pa ophunzira n'kuwafotokozera mmene ankagwirira ntchito yake, ndipo anamwalira mu 1911. Anaikidwa ku Cedar Grove komweko, ndipo malo enieni a manda ake sadziwika, popeza mabuku a mandawo anaonongeka ndi madzi osefukira a mu 1929.

Munthu ameneyu ngwovuta kumuweruza, ndipo kalata ino sikumuyeretsa. Atamasuka anabwerera yekha ku ntchitoyo, imene inkamupatsa ndalama ndi dzina, ndipo anthu amtundu wake ankamulemekeza mosakaniza ndi mantha. Komabe pali chinthu chokhota pa kakambidwe ka mbiriyi kamene kanazolowereka. Nkhani ya mitembo ikatchulidwa, dzina limene limamveka ndi la Harris, ndipo limakambidwa ngati nthano yoopsezera alendo, ya chimunthu champhamvu choyenda ndi thumba usiku. Nkhani ya kupita patsogolo kwa maphunziro ikatchulidwa, mayina amene amamveka ndi a madokotala. Potero mbiri imodzi yang'ambidwa pakati, mbali yonyansa yapatsidwa kwa kapolo, mbali yaulemu kwa eni ake, chonsecho ndalama zomugulira zinachokera m'matumba mwa aphunzitsiwo, fosholo ndi wisiki zinkalipiridwa ndi kolejiyo, ndipo fizi ya ophunzira imene mitemboyo inkakopa inkalowa kwa iwo omwewo. Mu 1852 Harris analibe ufulu wokana, pamene madokotala asanu ndi awiri aja anali ndi ufulu wonse, ndiponso anali anthu odziwa malamulo, opita kutchalitchi ndi olemekezeka mumzinda. Anasankha manda a anthu akuda chifukwa ankadziwa kuti kumeneko kulibe amene angawaimbe mlandu.

Lamulo la mu 1887 linalola kuti mitembo imene palibe wachibale waitenga iziperekedwa ku makoleji, koma silinasinthe kwenikweni mtundu wa anthu amene ankagona patebulo la ophunzira, chifukwa omwalira opanda wowatenga anali amphawi, akaidi ndi odwala a m'zipatala za boma, ndipo ambiri mwa iwo anali akuda. Kolejiyo, imene kuyambira mu 1873 inali nthambi ya zachipatala ya University of Georgia, inasamuka mu 1913 kupita kumalo aakulu, ndipo nyumba yakaleyo inagwiritsidwa ntchito ndi sukulu ya Academy of Richmond County, pambuyo pake ndi magulu osiyanasiyana a mumzinda, kuphatikizapo bungwe losamalira minda ya maluwa la Sand Hills Garden Club, limene linathandiza kuti isagwe. Zaka zonsezi anthu ankachitiramo misonkhano ndi maphwando osadziwa chimene chinali pansi pa mapazi awo. Ana a anthu amene matupi awo anaphunzitsa madokotala m'nyumbayi sankaloledwa kuphunzira pakolejiyo, ndipo munthu wakuda wofuna udokotala kum'mwera kwa America ankayenera kupita ku masukulu ngati Meharry Medical College ku Nashville, kumene anaphunziranso Dr. Daniel Malikebu ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda a ku Nyasaland. Ophunzira akuda oyamba, John T. Harper ndi Frank Rumph, analowa pa Medical College of Georgia mu 1967 n'kumaliza mu 1971, patadutsa zaka zoposa 140 chikhazikitsire sukuluyo.

Zobisikazo zinaululika mu 1989, pamene amisiri okonzanso nyumbayi anakumba m'chipinda chapansi n'kupeza mafupa a anthu. Ntchito yofufuza inatsogoleredwa ndi Dr. Robert Blakely wa ku Georgia State University, katswiri wodziwa kuwerenga msinkhu, matenda ndi chibadwidwe cha munthu kuchokera ku mafupa ake, ndipo gulu lake linatola mafupa ndi zidutswa za mafupa pafupifupi 10,000. Ambiri anali ndi zipsera za mpeni ndi sowo, ena anali zigaza zodulidwa pamwamba kuti ubongo uonekere, ena anali olembedwa manambala ndi inki, ndipo pakati pawo panali mabotolo a mankhwala, majakisoni, timipeni ta opaleshoni ndi mgolo wakale wamatabwa. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1997 m'buku lotchedwa Bones in the Basement, lokonzedwa ndi Blakely ndi Judith Harrington, ndipo zinasonyeza kuti mafupa 77 pa 100 alionse anali a amuna, komanso kuti ochuluka anali a anthu akuda, ngakhale kuti pa nthawi imene mitemboyo inkatumbulidwa anthu akuda sankafika theka la anthu a mumzinda wa Augusta. Zimene agogo a m'mabanja a anthu akuda ankanena, zomwe ena ankaziyesa zikhulupiriro za anthu osaphunzira, zinatsimikizika ndi sayansi. Mu 1998 mafupawo anaikidwanso m'manda a Cedar Grove, ndipo pamalopo panaimikidwa chipilala.

Kubwezera mafupawo kumanda kunali koyenera, ndipo amene anakonza mwambowo ayenera kuthokozedwa. Koma kuika maliro kumatseka dzenje, sikutseka mlandu. Chipilala chili ku Cedar Grove, kumene amapitako ndi ofedwa ndi ofufuza ochepa, pamene nsanamira zili pa Telfair Street, pakati pa nyumba zina zakale zimene alendo amayendera, kufupi ndi tchalitchi cha First Presbyterian ndi nyumba imene pulezidenti wakale wa America, Woodrow Wilson, anakuliramo. Mlendo woima pakhondepo amaona kukongola kwa nyumba, ndipo kukongolako kumamuuza nkhani imodzi yokha ngati palibe mawu omuuza inayo. Nyumba imene boma linaitcha chuma cha dziko lonse iyenera kuuza dzikolo zoona zonse za mmene madokotala ake anaphunzirira.

Mzinda wa Richmond ku Virginia unakumana ndi nkhani yofanana mu 1994, pamene omanga nyumba ya Virginia Commonwealth University anapeza chitsime chakale mumsewu wa East Marshall Street chodzaza ndi mafupa otayidwa ndi koleji ya madokotala ya kumeneko. Mafupawo anatengedwa mothamanga n'kutumizidwa ku Smithsonian Institution, kumene anakhala zaka zambiri, koma pambuyo pake yunivesiteyo inakhazikitsa bungwe la anthu a mumzinda loimira mbumba ya omwalirawo, ndipo bungwelo ndilo linapereka malangizo a kafukufuku, kaikidwe ndi chikumbutso, mafupawo asanabwezedwe ku Richmond mu 2019. Chimene Augusta angatengepo si mwambo wake koma dongosolo lake, loti mawu oyamba akhale a anthu amene makolo awo anabedwa, osati a bungwe limene linapindula ndi kubako.

Choncho Augusta University, imene yanyamula dzina limeneli kuyambira mu 2015 koma ndi mlowam'malo wa koleji ya mu 1828, ikupemphedwa kugwirizana ndi onse amene ali ndi ulamuliro pa nyumbayi kuti chipinda chapansi chipatulidwe mpaka kalekale kukhala malo a chikumbutso ndi maphunziro, osachitiramo china chilichonse. Mmenemo mulembedwe momveka zimene zinapezeka mu 1989, mtengo umene Harris, Rachel ndi George anagulidwira, ndi mayina a aphunzitsi asanu ndi awiri amene anagawana umwini wake monga mmene alili m'mabuku a kolejiyo, ndipo mawu omwewo aonekenso panja, pamene munthu wodutsa mumsewu angawawerenge osalipira kalikonse. Kutchula mayinawa sikufafaniza zabwino zimene madokotalawo anachita, koma kumaika munthu aliyense pamalo pake. Mabuku a ndalama ndi a misonkhano ya aphunzitsi a nthawi imeneyo ajambulidwe n'kuikidwa pa intaneti, kuti mabanja ndi ofufuza aziwawerenga okha. Ndipo popeza lero koleji imaphunzitsa ndi matupi a anthu amene anavomera okha asanamwalire, wophunzira aliyense wa chaka choyamba, asanagwire mpeni, atengedwe kukaima m'chipinda chimenechi ndi ku Cedar Grove, kuti adziwe kuti chilolezo chimene akuchiona ngati pepala wamba chinabwera pambuyo pa anthu ambirimbiri amene sanafunsidwe.

Khonsolo ya mzinda, yomwe manda a Cedar Grove ali m'manja mwake, ili ndi gawo lake. Manda amene mabuku ake anapita ndi madzi amafuna ndalama zokhazikika chaka ndi chaka zolambulira, kukonza mipanda, kudzutsa ziliza zakugwa ndi kufufuza mayina m'mabuku a mipingo, m'nyuzipepala zakale ndi m'zikumbukiro za mabanja, ntchito imene ikuvutiravutira pamene okalamba odziwa nkhanizi akutha. Yunivesite imene inakula ndi matupi ochokera m'mandamo ili ndi chifukwa chokwanira chothandizira khonsolo pa ndalama zimenezi, osati ngati mphatso koma ngati kubweza ngongole.

Zonsezi zisakonzedwe m'maofesi mokha. Akuluakulu akupemphedwa kuitana mipingo ya anthu akuda ya mumzinda, kuphatikizapo Springfield Baptist Church, umodzi mwa mipingo yakale kwambiri ya anthu akuda ku America, pamodzi ndi mabanja amene ali ndi abale ku Cedar Grove ndi osunga mbiri a ku Lucy Craft Laney Museum of Black History, kuti iwo anene mawu oyenera kulembedwa pakhoma ndi mwambo woyenera kuchitika. Medical College of Georgia ikwanitsa zaka 200 mu 2028, ndipo pempho la kalata ino ndi loti msonkhano woyamba ndi mabanjawo uitanidwe msanga, kuti chipinda chapansi cha pa Telfair Street chidzakhale chitatsegulidwa chisanafike chikondwerero chimenecho.

Mwaulemu,
Wolemba kalatayi